Mawanga a fangasi pa zomera zosunga madzi za m'nyumba: kudula, kopa, salufa, nimu kapena mankhwala olowa m'tsamba

Amene amasunga alovera, Echeveria, Crassula ovata kapena Sansevieria pazenera amadziwa mmene mtima umapwetekera kuona kadontho kabulauni patsamba limene dzulo linali losalala. Kadonthoko kamayamba ngati nsonga ya singano, kenako kamakula, pakati pake n'kulowa m'kati, m'mphepete mwake n'kuzungulira mzere wachikasu. Kawirikawiri amachititsa zimenezi ndi mafangasi a mitundu ya Alternaria, Cercospora ndi Colletotrichum, ndipo njere zawo zimamera tsamba likakhala lonyowa kwa maola angapo pamalo pamene mpweya suyenda.

Musanasankhe njira iliyonse, tsimikizani kuti ndi fangasidi. Mizu ikamwa madzi ochuluka kuposa amene masamba angatulutse, patsamba pamatuluka tinkhanambo tokhakhala, makamaka kunsi kwake. Dzuwa likawotcha, banga limakhala mbali imodzi yoyang'ana zenera ndipo silikula. Zungulizani bangalo ndi cholembera n'kudikira masiku 5 mpaka 7: likadutsa mzerewo, kapena ena akatuluka pamasamba oyandikana nalo, muli ndi matenda. Dziwaninso kuti palibe mankhwala amene amafafaniza banga lomwe lapangika kale. Njira zonsezi ntchito yake ndi kuteteza masamba amene akadali bwino.

Njira yoyamba, imene ine ndimaiika patsogolo pa zonse, ndi kudula ndi kuumitsa. Chomera chodwalacho chiikeni pachokha, dulani masamba ogwidwa ndi lezala lakuthwa, ndipo muzilipukuta ndi sipiriti wa 70 peresenti nthawi iliyonse musanadule tsamba lina. Zodulazo zitayeni kutali, chifukwa tsamba louma losiyidwa mumphika ndi nkhokwe ya njere za fangasi. Mukatero sinthani kathiriridwe: madzi azipita padothi pokha, m'mawa, ndipo pokhapokha dothi litauma mpaka pansi. Echeveria amafuna chisamaliro chapadera pamenepa, popeza masamba ake ounjikana amasunga madzi pakati ngati kapu, ndipo dontho limodzi likhoza kugona pamenepo usiku wonse. Zomera zambiri za mtunduwu zimatsekula timabowo topumira usiku, motero kuzinyowetsa madzulo n'kuziika pangozi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imachotsa gwero la matenda ndipo silowetsa poizoni m'chipinda chogona anthu. Kuipa kwake n'kwakuti imasiya chilema, makamaka pa Sansevieria amene tsamba lake lodulidwa silimeranso nsonga, ndipo matenda akafika pamasamba ambiri siikwanira yokha.

Pakati pa mankhwala okhala pamwamba pa tsamba, kopa ndi salufa ndi amene anthu amawasokoneza kwambiri, chonsecho sagwira ntchito yofanana. Kopa ndi wakale: Millardet, katswiri wa zomera wa ku France, ndiye anatchukitsa msakanizo wa kopa ndi laimu wotchedwa Bordeaux mu 1885 pofuna kuteteza mphesa, ndipo lero timamupeza m'mankhwala monga copper oxychloride ndi copper hydroxide. Pa mawanga enieni a masamba, kopa amaposa salufa, ndipo amalimbananso ndi mabakiteriya, zimene zimathandiza pamene diso silikutha kusiyanitsa matenda awiriwa. Komabe amasiya utoto wobiriwira motuwa patsamba, amaunjikana m'dothi la mumphika mukamapopera kawirikawiri, ndipo amatha kuwotcha tsamba likachedwa kuuma. Salufa mphamvu zake zili pa chuku choyera ngati ufa, chimene pa Crassula ndi Kalanchoe nthawi zina chimaoneka ngati nkhanambo zabulauni, n'kumanamiza munthu kuti ndi mawanga wamba. Salufa sayenera kupoperedwa kukatentha kupitirira madigiri 30, ndiponso sayenera kuyandikana ndi mankhwala amafuta: pakati pa ziwirizi pazidutsa masabata osachepera awiri, apo ayi masamba amapsa.

Mafuta a nimu amakondedwa chifukwa ndi ochokera ku mtengo, ndipo pa tizilombo toyera ngati thonje tobisala m'mphanda za masamba amathandizadi. Pa mawanga a fangasi ndi ofooka, ndipo pa zomera zimenezi ali ndi vuto lina lalikulu. Echeveria ambiri ali ndi phula loyera ngati ufa limene limatchinga dzuwa ndi kutsetsereza madzi, ndipo mafuta amalisungunula. Ndinapoperapo nimu pa Echeveria wotuwa bwino, ndipo mawa lake masamba anali obiriwira monyezimira, okhala ndi zigamba ngati pomwe pagwiridwa ndi zala zamafuta. Phulalo silinabwerere pamasamba amenewo mpaka atakalamba n'kugwa, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti ndinachotsa chitetezo chimene chomeracho chinali nacho kale. Pa Crassula ovata kapena Sansevieria, amene masamba awo ndi osalala, nimu savulaza kwambiri malinga chomeracho chisakhale padzuwa mutangopopera. Za soda wophikira sindinena zambiri: amachedwetsa chuku choyera pang'ono, koma mchere wake umaunjikana m'dothi, ndipo potassium bicarbonate amagwira ntchito yomweyo popanda vutolo. Mankhwala opangidwa ndi bakiteriya wa Bacillus subtilis ndi odekha ndipo amayenera m'nyumba, koma amagwira bwino poteteza matenda asanayambe.

Gulu lomaliza ndi la mankhwala olowa m'kati mwa tsamba, monga tebuconazole, myclobutanil ndi propiconazole. Iwo amalepheretsa fangasi kupanga ergosterol, chinthu chimene chimamanga khungu la maselo ake, choncho amatha kuimitsa matenda amene angolowa kumene, chinthu chimene kopa ndi salufa sangachite. Mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake. Fangasi amazolowera mankhwala a gulu limodzi mukamawabwereza, ndipo mukapyola muyezo chomera chimapinimbira. Ndimawasungira chomera chakale kapena chosowa chimene matenda akupitirirabe ngakhale mwadula ndi kupopera kopa. Popopera tulutsani mphika panja pamthunzi, valani magolovesi, tsatirani muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo mubwezere chomeracho m'nyumba chitauma. Chlorothalonil, amene salowa m'kati mwa tsamba koma ena amamutchulabe pa mawanga a masamba, bungwe la European Union linasiya kumuvomereza mu 2019, ndipo ine sindingamulowetse m'nyumba.

Ngati masamba ogwidwa ndi awiri kapena atatu, lezala ndi kathiriridwe katsopano n'zokwanira, bola mphika ukhale ndi bowo pansi, dothi likhale losakaniza ndi mchenga wokhakhala kapena timiyala toyera topepuka totchedwa perlite, ndipo miphika italikirane kuti mpweya uzidutsa. Mawanga atsopano akatulukabe pakatha sabata, onjezani kopa, koma muyambe mwayesa patsamba limodzi la m'munsi n'kudikira masiku atatu. Matenda akafika patsinde n'kulifewetsa, kupopera sikuthandizanso: dulani nsonga kapena tsamba lopanda banga, lisiyeni pamthunzi masiku angapo kuti bala liume, kenako mulidzale m'dothi latsopano ndi mumphika wotsukidwa bwino.