Mankhwala opopera mahatchi: nyenyezi zitatu mwa zisanu, ziwiri zathera pa kauntala

Ndimasamalira mahatchi pa famu ina cha ku Chigumula. Mvula ikangoyamba mu Novembala, mtendere umatha m'khola. Ntchentche zoluma zija zimakonda miyendo ndi kumimba, moti hatchi imangokhalira kuponda pansi ndi kukupiza mchira, kudya osadya, timagazi tili tolotolo pamwamba pa ziboda.

Ndinapita ku sitolo ina ya mankhwala a ziweto ku Limbe kukafuna botolo la mankhwala opopera othamangitsa ntchentche, a cypermethrin wosakaniza ndi citronella. Mnyamata wa pa kauntala, maso ali pa foni, anangoti, "Amenewo anatha, madala. Tengani dibi uyu. Ng'ombe ndi hatchi n'chimodzimodzi, zonse za miyendo inayi." Nditatembenuza botololo ndinapeza kuti ndi amitraz. Thupi langa linachita tsemwe. Amitraz amapha bwino nkhupakupa pa ng'ombe, palibe wokana, koma kwa hatchi ndi poizoni. Imayamba kuodzera, kuyenda mwadzandidzandi, matumbo amaima, ndowe osatuluka, mimba n'kutupa, ndipo ina imafa kumene. Chenjezo lake linalembedwa pabotolo pomwepo. Ndinamulozera ndi chala, ndati, "Achimwene, tawerengani apa." Iye osawerenga, akuti, "Ena amagula osadandaula." Ena ake ati? Tangoganizani wogulayo akanakhala mnyamata wongoyamba kumene ntchito, wotumidwa ndi abwana ake, akanabwerera ndi dibi ameneyu ali mwee, mawa lake hatchi ili gone, mlandu n'kugwera iye wosalakwa. Apa mawu anakwera ndithu, mpaka anthu ogula chakudya cha nkhuku anasiya zawo n'kumationerera.

Kenaka kunatulukira mayi wina wachikulire kuchokera kuseri, ndikuganiza kuti ndi eni ake. Anamvetsera, anawerenga botolo, anamuyang'ana mnyamatayo osanena kanthu, n'kuti, "Pepani bambo, mwatithandiza." Anasuntha matumba awiri, mankhwala "anatha" aja ali ndandanda pashelefu. Anali ulesi chabe wodzuka pampando.

Mtengo sindinena zambiri. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, chilichonse chochokera ku South Africa mukudziwa mmene chikulumira, ndipo sanandichotsereko ngakhale ya minibasi.

Tsono chilungamo chake, mankhwalawo ndi abwino, ndipo mkwiyo unayamba kuzizira nditangowagwiritsa ntchito. Fungo lake lili ngati la udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi. Hatchi yathu yaikazi yofiirira, imene inkavuta kwambiri poipesa, inaima phee n'kudya udzu wake mpaka kumaliza. Kumaso sindipopera, ndimanyowetsa kansalu n'kupukuta mozungulira, kutali ndi maso ndi mphuno, poti kaphokoso ka kupopera kamaidzidzimutsanso. Pabala sindiika.

Koma zoti amakhala masiku angapo pathupi, iwalani. Hatchi imatuluka thukuta kwambiri, ndiye ikathamanga padzuwa kapena ikanyowa ndi mvula, muyenera kubwerezanso, botolo n'kumatha msanga. Ntchentche zikuluzikulu zija zoluma mpaka magazi kuchucha sizichita nawo mantha kwenikweni, zimazungulira pang'ono n'kutera basi. Tizilombo ting'onoting'ono touluka madzulo ndi m'bandakucha, timene timafalitsa matenda a African horse sickness, timachepako, komabe ife katemera sitilumpha ndipo mahatchi timalowetsa m'khola dzuwa lisanalowe. Komanso ngati ndowe ndi udzu wonyowa ndi mkodzo zikuwolera pafupi ndi khola, mukungotaya ndalama, chifukwa ntchentchezo zimaswana mmenemo. Ife timawola ndowezo tsiku lililonse n'kukataya kutali kumunda.

Chidebe ndi nsalu musatsukire kumtsinje, mankhwala amtunduwu amapha nsomba, ndipo amphaka a m'khola asayandikire pamene mwangopopera.

Ndidzagulanso, inde, bola ndikapeze mayi aja. Chopopera cha pabotolocho ndiye n'chosalimba, chinayamba kudontha m'manja botolo lisanafike ndi pakati pomwe. Ndinatsanulira mu kampope ka m'munda kamene sikanathirepo mankhwala ena, ndipo kakugwira ntchito bwino kuposa chawocho.