Buku lomata kapena fayilo ya masamba osinthika: logula ndi liti?

Ukangoyamba kuphunzira malamulo okhudza boma ndi nzika zake, monga malamulo oyendetsera dziko, ufulu wa anthu ndi mphamvu za maofesi a boma, umafuna buku limodzi losonkhanitsa malamulo onsewo. Mabuku otere alipo mitundu iwiri, ndipo yonseyi ndinaigwiritsapo ntchito.

Mtundu woyamba ndi buku lomata, losindikizidwa mwatsopano chaka ndi chaka, monga la Blackstone's la ku UK lomwe amatulutsa a Oxford University Press. Limalowa m'chikwama bwinobwino, ndipo mulibe ndemanga zomasulira malamulo, n'chifukwa chake mayunivesite ambiri amalola kulowa nalo m'mayeso. Koma limayamba kukalamba tsiku lomwe latuluka. Aphungu akasintha gawo limodzi mwezi wamawa, buku lanulo lidzangokhala chete ndi mawu akale. Musanagule, yang'anani masamba oyambirira muone kuti malamulowo anawasonkhanitsa kulekezera tsiku liti.

Mtundu wachiwiri ndi chifayilo chonenepa cha masamba osamata, monga Sartorius ya ku Germany yomwe amatulutsa a C.H. Beck. Lamulo likasintha, amakutumizirani paketi ya masamba atsopano ndi kapepala kolangiza kuti chotsani awa, ikani awa. Pongomva, n'zokoma. Koma masambawo ndi opyapyala ngati a m'Baibulo, sachedwa kung'ambika pa timabowo, ndipo kuwalowetsa kumadya madzulo onse. Ine ndinasunga mapaketi awiri osatsegula, n'kumati ndichita Loweruka. Paketi yachitatu itabwera ndinayamba ndi yomweyo, osadziwa kuti amayenera kulowa motsatana. Patapita masiku ndinaimirira m'kalasi n'kuwerenga mokweza gawo lomwe linachotsedwa kalekale, anzanga akungoyang'anana. China chowawa n'chakuti tsamba lakale likachoka, mizere yonse imene munadula pansi pa mawu ofunika imapita nalo limodzi.

Kwa wophunzira, ine ndimati tengani lomata, koma la chaka chomwecho. La mnzanu amene anamaliza zaka zitatu zapitazo musalandire, ngakhale akupatseni ulere, chifukwa kuwonjezera pa kukalamba mwina analembamo notsi m'mbali, ndipo woyang'anira mayeso akaziona angathe kukulandani pakhomo pomwepo. Funsanitu zimene sukulu yanu imalola: kwina amavomera kudula mizere ndi kumata timapepala tolozera, koma kulembamo mawu ayi.

Chifayilo chija chimayenera ofesi ya maloya yomwe ili ndi kalaliki wolowetsa masamba tsiku lomwe afika. Ngakhale pamenepo, masamba atsopano nthawi zambiri amafika lamulo litayamba kale kugwira ntchito, choncho loya asanatchule gawo pamaso pa woweruza amayamba waona kaye mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezera malamulo, kapena pa intaneti.