Khadi yakana kuswaipa: kupukuta, liwiro kapena jumbo?

Khadi ikangokana pa tilu, aliyense pamzere amasanduka katswiri. Wina akuti ipukuteni pa malaya, wina akuti swaipani mothamanga, wina akuti ayi, pang'onopang'ono. Wogulitsa wokhalitsa pantchito sayankha n'komwe, amangoikulunga mu jumbo kapena m'kapepala ka lisiti n'kuidutsitsa, ndipo nthawi zina makina amavomeradi. Njira zonsezi zili ndi chifukwa chake, koma sizichiza matenda amodzi. Imene ingapulumutse khadi yokalika ndi yomweyo imene ingamalizitse khadi yofooka.

Kamzere kakuda ka kumsana kwa khadi ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, tokhala ndi chitsulo, tomatidwa pa pulasitiki, ndipo kalikonse ndi kamaginito. Luso lomata kamzereka pa khadi linachokera ku kampani ya makompyuta ya IBM m'zaka za m'ma 1960, kwa injiniya Forrest Parry, ndipo nkhani yotchuka imati mkazi wake ndiye anaganiza zoti akamate ndi simbi yositira. M'makina muli kamutu kokhala ndi waya wopiringidwa, kofanana ndi ka m'wailesi ya kaseti. Kamutuka sikamva maginito ongokhala. Kamamva kusintha kwake basi, monga anatulukira Michael Faraday mu 1831: maginito akamasintha mofulumira pafupi ndi waya, magetsi obadwa m'wayamo amakhalanso ambiri. Kusiyana kwake ndi kaseti n'koti uko kuli mota yoyendetsa tepi pa liwiro limodzi, pamene kuno mota ndi dzanja lanu.

N'chifukwa chake manambala analembedwa mochenjera. Kamzere kanagawidwa m'tizigawo, ndipo kagawo kalikonse kamaimira 0 kapena 1. Kumayambiriro kwa kagawo kalikonse maginito amatembenuka. Akatembenukanso pakati pa kagawoko, ndiye 1. Akapanda kutero, ndiye 0. Kamzereko kamayamba ndi ma 0 okhaokha kuti makina ayambe aphunzira liwiro la dzanja lanu asanafike pa nambala ya khadi. Zolembedwazi zili m'tinjira toyandikana m'kati mwa kamzereko. Kanjira kachiwiri, kamene makina ambiri olipirira amadalira, kali ndi tizigawo 75 pa inchi imodzi, kutanthauza kuti kagawo kamodzi ndi pafupifupi 0.34 mm, ndipo kamanyamula zilembo zosaposa 40. Kanjira koyamba, komwe kuli dzina lanu, n'kothinana kwambiri, tizigawo 210 pa inchi. Nambala iliyonse ili ndi kagawo kowonjezera koilondera, ndipo kumapeto kuli chilembo china cholondera zonse. Kagawo kamodzi kakangolakwika, makina sayerekeza. Amakana khadi yonse.

Kupukuta ndi njira yosavuta, ndipo ndi yoyenera kuyambira. Thukuta, mafuta a chips ndi fumbi la m'chikwama zimatalikitsa kamzere ku kamutu mosafanana, apa kwambiri apo pang'ono. Kansalu kofewa kamathetsa zimenezo. Sikabweza china chilichonse, ndipo kukhula mwamphamvu pa buluku lokhala ndi mchenga n'kungowonjezera mikwingwirima. Nthawi zina litsiro lili m'makina, osati pa khadi. Mukaona kuti anthu atatu otsogola nawonso avutika, lekani kuzunza khadi yanu.

Pa mkangano wa liwiro, ine ndili kumbali ya othamanga, koma osati othamanga mwankhanza. Khadi yofooka ikadutsa mwachidodo imatulutsa timagetsi tochepa toti makina sangatisiyanitse ndi phokoso lawo lomwe. Mukawirikiza liwiro kawiri, magetsinso amawirikiza pafupifupi kawiri. Chomwe chimawononga ndi kudukiza. Munthu wosamala kwambiri amayamba pang'onopang'ono, pakati n'kuima pang'ono, kumapeto n'kukoka, ndipo makina amene anaphunzira liwiro loyamba lija amasokonezeka, n'kuwerenga 0 ngati 1. Dzanja lidutse kamodzi, mosasinthasintha, khadi itatsamira pansi pa kampata koidutsitsiramo. Kuidutsitsa chobwerera kumathandizanso pa makina amene amawerenga mbali zonse, makamaka ngati ma 0 a mbali imodzi ndi amene anaperepeseka.

Jumbo ndiye nkhani yaikulu, chifukwa poiganizira koyamba imaoneka ngati yopanda nzeru. Khadi ikuvuta kale kuwerenga, ndiye muitalikitsenso ku kamutu? Yankho lili m'zimene R. L. Wallace wa ku Bell Labs, malo ofufuzira za sayansi ku America, analemba mu 1951 pofufuza za kujambula ndi maginito. Mpata ukakhala pakati pa kamutu ndi maginito, mphamvu imatsika, koma siitsika mofanana. Zolembedwa zothinana zimafa msanga, zotalikirana zimapirira. Mkwingwirima umang'amba kamzere n'kusiya timalire ting'onoting'ono ndi tizidutswa tomwazikana, ndipo kamutu kakadutsapo kamamva tikutembenuka tabodza tothinana kuposa manambala enieni. Makina amawerenga timeneti ngati ma 1 amene kulibe.

Tiike manambala pogwiritsa ntchito lamulo la Wallace lomwelo. Ndi pulasitiki yopyapyala ya 0.02 mm, ma 1 a m'kanjira kachiwiri amatsala ndi pafupifupi magawo 7 pa 10 a mphamvu yawo. A m'kanjira koyamba amatsala ndi gawo limodzi pa atatu. Koma phokoso la kamkwingwirima ka 0.03 mm limatsala ndi magawo osakwana 2 pa 100. Ndiye kuti jumbo yafooketsa zonse, koma bodza yalifooketsa kwambiri kuposa choona, ndipo makina amakono amakweza okha timagetsi totsalato. Palinso phindu lina losafuna masamu: khadi yopindika kapena makina amene kamutu kake kanalefuka, jumbo imadzaza mpata n'kuchititsa kuti khadi iyende mosagwedezeka.

Tsono kunenepa kwa chokulungiracho n'kofunika zedi. Pa 0.06 mm, kanjira kachiwiri kamatsala ndi gawo limodzi pa atatu, koyamba kamatsala ndi magawo 4 okha pa 100. Apa pali choseketsa kwa ife a ku Malawi: malamulo a 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 60, omwe ndi 0.06 mm yomweyo. Jumbo yovomerezeka ndi lamulo ndi yonenepa kale pa ntchitoyi, ndipo kapepala ka lisiti nako kali chapomwepo. Mukapinda kawiri mwaphetsa zonse. Chikhale chimodzi, chokokedwa bwino, chopanda makwinya pa kamzere. Selotepi ndimaikana. Imagwira ntchito lero, mawa yayamba kumatuka m'mphepete n'kusiya zomata pa kamutu ka makina a eni ake. Ndipo chilichonse chokulunga musachiyerekeze pa ATM yomeza khadi.

Pali matenda achitatu amene njira zonsezi sizingawakhudze, ndiwo kufufutika. Timizere tilipo ta mitundu iwiri. Ta HiCo, tomwe nthawi zambiri timakhala takuda bii ndipo ndi tomwe mabanki amagwiritsa ntchito, timafuna mphamvu ya ma oersted (muyeso wa mphamvu ya maginito) 2750 mpaka 4000 kuti tisinthe. Ta LoCo, tofiirira, timasintha ndi ma oersted 300 okha, ndipo ndi tomwe timakhala pa makhadi ambiri otsegulira zitseko za m'mahotela, chifukwa amafunika kulembedwanso mlendo aliyense akabwera. Kamaginito kotsekera chikwama cha amayi kapena ka pa chikuto cha foni kangathe kufufuta LoCo mosavuta. Khadi ya kubanki imapirira, kupatula ikagundana ndi maginito amphamvu kwambiri. Khadi yofufutika imaoneka yosalala ngati yatsopano, koma pamene panafufutika palibe chowerenga. Jumbo apa ikungochotsa kochepa kamene kanatsala, ndipo liwiro lingathandize pokhapokha ngati maginito afooka chabe.

Ndiye musanasankhe njira, yang'anani kamzereko pa kuwala. Kakachita chifunga, pukutani. Kakakhala ndi mikwingwirima yopingasa, yesani chokulunga chopyapyala. Kakaoneka bwinobwino koma kakukana paliponse, swaipani mwachanguko kangapo, kakakanabe pitani kubanki.

Kwa ambiri a ife mpikisano weniweni unatha kale, chifukwa khadi ili ndi tchipu, kachitsulo konyezimira kaja ka kutsogolo kwake. Tchipu sichidalira liwiro la dzanja, ndipo chimapanga chizindikiro chatsopano pa kugula kulikonse, pamene kamzere kamanena zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake akuba amakakopera mosavuta. Kugunditsa khadi pa makina kulibe ngakhale chokhulana choti chiperepeseke. Komanso m'kamzere momwemo muli nambala youza makina kuti khadiyi ili ndi tchipu, motero ngakhale jumbo itagwira ntchito, makina angakuuzeni kuti muilowetse. Kuswaipa amakulolani tchipu chikalephera kangapo, ndipo mabanki ena amakana ngakhale pamenepo. Mastercard inalengeza mu 2021 kuti kuyambira 2029 makhadi ake atsopano sadzakhalanso ndi kamzere, ndipo pofika 2033 kadzakhala katatheratu.

Komabe musakanyoze msanga. Ma ATM ambiri omeza khadi amayamba amva maginito a kamzereko pakhomo asanatsegule kachitseko, ngakhale ndalamazo azitulutsa pogwiritsa ntchito tchipu. Khadi ingathe kulipira bwinobwino m'sitolo koma n'kukanidwa kulowa pa ATM, ndipo pamenepo chotsala n'kukapempha ina.