Bokosi la malembo lija, patha miyezi 10

Mu Okutobala chaka chatha, bokosi la malembo lophunzitsira mwana kuwerengali litangotha masabata atatu m'nyumba mwathu, ndinkalitama paliponse: kutchalitchi, kubanki m'khonde, ngakhale kwa makasitomala obwera kudzayesa zovala. Ndinkati ndapeza mankhwala a mwana wovutika kuwerenga. Mayi wina anandikhulupirira mpaka anatumiza uthenga kwa m'bale wake ku Joni kuti amugulire lake. Tsopano tili mu Ogasiti, ndipo ndikuona kuti ndili ndi ngongole kwa mayi ameneyo, chifukwa zina zimene ndinkanena nthawi ija chinali chisangalalo chabe.

Mnyamata wanga ali ndi zaka 8. Anamaliza Sitandade 2 pasukulu ina yapulaiveti kuno ku Lilongwe asakutha kuwerenga ngakhale dzina la mlongo wake. Chimene ankachita ndi kuloweza. Mukamupatsa buku lakusukulu ankayang'ana chithunzi n'kuyimba tsamba lonse osaphonya, koma mukaphimba chithunzicho ndi dzanja n'kuloza mawu amodzi, zii. Lachisanu lililonse, tsiku la sipelo, m'mimba munkamupweteka kuyambira m'mawa. Tinayesa pati taimu, ndalama zinangopita. Ndiye mu Seputembala, anzake akutsegulira sukulu, ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti akhale kaye pakhomo chaka chimodzi ndimuphunzitse ndekha. Ndine telala, makina anga ali pakhonde, choncho nthawi ndinali nayo. Kapena nditi ndinkaganiza kuti ndili nayo.

Bokosilo anabwera nalo ndi achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. M'kati mwake muli timalembo tapulasitiki tokhala ndi maginito kumbuyo, malembo a liwu ofiira, opanda liwu abuluu. Mulinso makadi, timabuku tating'ono ta Chingerezi, ndi buku lalikulu la kholo louza chochita tsiku ndi tsiku. Njira yake ndi ija imadziwika ndi maina a Samuel Orton ndi Anna Gillingham, dokotala wa zaubongo ndi mphunzitsi a ku America amene anaikonza cha m'ma 1930. Mwana amaphunzira liwu limodzi pa nthawi. Lembolo alione, alimve, alitchule, aligwire ndi dzanja, ndipo sapita patsogolo asanagwiritse zam'mbuyo. Masabata oyamba aja zinkayendadi. Kamnyamata kankakonda kumata timalembo pa thireyi yachitsulo yoperekera tiyi, ndipo kanaphunzira maliwu ambiri mosangalala.

Mu Novembala tinatitimira.

Vuto ndi lakuti buku la kholo linalembedwa poganizira mwana amene Chingerezi anachiyamwa. Chingerezi chili ndi malembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, ndipo ambiri mwa maliwu ovutawo ndi aja ife timangowagawa pasanu, a e i o u. Bukulo likuti tchulani "hat", kenako "hut", mwana asankhe lembo loyenera. Ine amene, ndi MSCE yanga, ndikatchula mawu awiriwa amatuluka ofanana. Ndiye mwana asankhe chiyani? Chinanso, pakamwa pa Mchewa mawu satha popanda lembo la liwu. Ndikati alembe "cat" ankamata k, a, t, i. Ndikati "bed" ankawonjezera i kumapeto, n'kundiyang'ana monyadira. Kunena zoona sankalakwa, ankalemba zimene ankamva m'nyumba muno.

M'malo mobwerera m'mbuyo, ine ndinawonjezera nthawi. Buku limati mphindi 20 patsiku, ine ndinafikitsa ola lathunthu, poganiza kuti mankhwala akachuluka ndiye matenda athawa msanga. Kunali kulira, ine kukalipa, makasitomala akudikira pakhonde. Tsiku lina timalembo b ndi d tinasowa. Tinasesa nyumba yonse, pansi pa mipando, m'mabokosi a nsalu. Patapita masiku anayi ndinakatipeza m'khola la nkhuku, titakwiriridwa bwinobwino m'deya. Sindinamufunse. Ndinangotitsuka n'kukhala pansi, chifukwa apo ndiye ndinamva zimene mwanayo ankalephera kundiuza.

Amene anatitulutsa m'matopemo ndi mayi wina wa kumpingo kwathu, mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, amene anaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Anabwera Loweruka lina masana, anakhala ndi mwanayo pamphasa kwa theka la ola, kenako anandiitana.

"Amayi, pakhomo pano mumayankhula chiyankhulo chanji?"

"Chichewa."

"Nanga mukumuphunzitsiranji kuwerenga m'chiyankhulo chimene sakuchimva? Mwamusenzetsa mitolo iwiri, kuphunzira Chingerezi ndi kuphunzira kuwerenga. Mutsitseni umodzi."

Anandiuza kuti ndiyambe ndakamupimitsa maso ndi makutu, ndipo tinapita, zonse zili bwino. Anatchulanso mawu akuti dyslexia, vuto limene ana ena anzeru zawo ndithu amakhala nalo logwirizanitsa maliwu ndi malembo, koma anandichenjeza kuti ndisathamangire kumupachika mwana dzina. Njira ya m'bokosi anaiyamikira. Anangoti ndiisamutsire ku Chichewa, chifukwa Chichewa chimalembedwa pafupifupi mmene chimamvekera: a ndi a kulikonse kumene mungamupeze, ndipo maphatikizo ake amatsekera ndi lembo la liwu, ma me mi mo mu, osasintha.

Ndinakabwereka buku la Chichewa la Sitandade 1 kwa mwana wa aneba amene amaphunzira pasukulu yaboma, lija la pulogalamu yowerenga imene boma linayambitsa mu 2016. Ndinadziseka ndekha. Zaka ziwiri ndakhala ndikulipira fizi kuthawa buku lomweli, ndikufuna mwana wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, lero ndi limene ndikukalipempha kwa aneba.

Apa ndi pamene timalembo tapulasitiki tinaonetsa kuti si takuno. M'bokosi muli a awiri okha. Yesani kulemba "kalata" kapena "anakalamba" ndi a awiri. Muli q ndi x amene Chichewa sichiwafuna, koma mulibe ng' wa ng'ombe, mulibe ŵ. Ndinatuma ana kukatola zitsekerero za mabotolo a zakumwa pagolosale, tinazitsuka, ndinamata kapepala m'kati mwa chilichonse n'kulemba ndi cholembera chakuda. Pa zina ndinalemba lembo limodzi, pa zina phatikizo lathunthu: nda, mba, tsa, dzi, nkho. Zimakhala m'chitini cha mkaka, ndipo kuyambira Januwale ndi zimene tagwiritsa ntchito kwambiri kuposa chilichonse chochokera ku Joni. Chikasowa chimodzi palibe wolira.

Ndinabwereranso ku mphindi 20, m'mawa akangomwa phala, ndisanakhale pamakina. Ndimaika alamu pafoni. Ikalira timasiya, ngakhale tili pakati pa mawu. Lamulo limeneli ndinkaliona ngati ulesi wa azungu, koma pa zonse zimene zili m'buku la kholo ndi limene lagwira ntchito koposa. Mwana akadziwa kuti chinthu chili ndi mathero amapirira.

Mu Febuluwale tinali pa minibasi kupita m'tauni kukagula ulusi ndi mazipi. Titaima pamzere wa magalimoto, ndinamva kamnyamata kakung'ung'udza, maso ali pa mpanda wina wa njerwa. "O... sa... ko... dza... pa... no." Kanakhala kaye chete, kenako mokweza, minibasi yonse kumva: "Amama, alemba kuti osakodza pano!" Anthu anafa nalo phwete, kondakitala mpaka anamupatsa dzanja. Ine ndinayang'ana kuwindo kuti asandione misozi. Panalibe chithunzi chomuthandiza, panalibe woti amuuze. Kuchokera tsiku limenelo wakhala akuwerenga chilichonse, zikwangwani za maokala, matumba a feteleza, mauthenga a pafoni yanga amene samukhudza n'komwe.

Chingerezi tinachibwerera mu Malichi, ndipo timabuku tating'ono tija ndi pamene tinaonetsa phindu lake. Kabuku kalikonse kali ndi mawu okhawo opangidwa ndi maliwu amene mwana waphunzira kale, choncho safunika kulosera. Nkhani zake n'zozizira, zina za zinthu zimene mwana wa ku Area 25 sanazionepo, koma amamaliza kabuku yekha n'kukaika pa mulu wa "zimene ndathana nazo". Panabuka vuto limodzi limene palibe buku linatichenjeza. Atangophunzira kuti ph wa Chingerezi amamveka ngati f, anayamba kuwerenga "phala" kuti fala, "phiri" kuti firi. Nayenso th wa "thumba" anayamba kumuluma lilime. Ndinachita kugawa malo: Chichewa timaphunzirira pamphasa ndi zitsekerero, Chingerezi patebulo ndi timalembo tapulasitiki, ndipo sitisakaniza tsiku limodzi. Patatha masabata angapo zinakhazikika. Za "hat" ndi "hut" zija, ndimamuika amvetsere pafoni anthu a chiyankhulocho akutchula, ine ndimangoloza lembo.

Sipelo ndiye ikadali kumbuyo, ndipo apa ndisanamizepo munthu. Mu Okutobala ndinkauza anthu kuti pofika Khirisimasi adzakhala akulemba kalata. Ayi ndithu. Kuwerenga kwathamanga, kulemba kukukwawa. Mwana amene akuwerenga ndime yathunthu ya Chichewa mosajejema, pa lembetso la mawu 10 amakhoza 6, tsiku labwino 7. Lembo h amalimeza: "kutamanga", "nkuku", "mpasa". Chimene chatithandiza ndi kachidutswa ka pepala. Amakagwira patsogolo pa milomo n'kutchula "kola" kenako "khola", "pala" kenako "phala". Pepala likagwedezeka ndiye kuti pali h. Pa b ndi d, mphunzitsi uja anatiphunzitsa kuyang'ana pakamwa: potchula b milomo imayamba yatsekeka ngati mzere, ndiye polemba uyambe ndi ndodo; potchula d pakamwa pamayamba potseguka, ndiye uyambe ndi kamimba kozungulira. Amasokonezabe akatopa, koma tsopano amadzigwira yekha n'kufufuta. Za l ndi r ndangoyamba kumene kumuuza lamulo lake, lakuti r amabwera pambuyo pa e ndi i, monga "lero" ndi "mbiri", pomwe kwinako timalemba l. Izi ngakhale akuluakulu olemba zikwangwani m'tauni muno zimawavuta, ndiye sindikumupanikiza.

Kulimba kwa katunduyo n'kwapakatikati. Maginito anayamba kumatuka ndi kutentha kwa mu Novembala, ndipo ndawamatanso ndi guluu kangapo. Amene muli ndi ana okwawa samalani, timaginito timeneti n'tating'ono ndipo mwana akatimeza n'zoopsa. Ine ndimasunga bokosili pamwamba pa kabati. Makadi ndinawakuta ndi selotepi atayamba kufewa nthawi ya mvula. Timabuku tili bwinobwino.

Pali mtengo wina umene sunalembedwe pabokosi. Apongozi anga atamva kuti mdzukulu wawo sakupita kusukulu anabwera okha kuchokera ku Dowa. "Apongozi, mwana wamwamuna mukumusunga pakhonde ngati nkhuku yoikira? Adzakuimbani mlandu akadzakula." Sindinawayankhe zambiri, chifukwa mbali ina ankanena zoona, ndiponso lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense aphunzire pulayimale. Ana anzake akamadutsa m'mawa atavala yunifolomu, iye ankaima pageti kuwayang'ana mpaka atakhota. Masamu ndayesetsa, koma maphunziro enawo ndangowakhudza pamwamba. Ku ntchito yanga nako kwalowa mphepo, maoda a mayunifolomu a mu Januwale ndinakana theka. Kuphunzitsa mwana wako wekha kumafunanso mtima umene ine sindinabadwe nawo. Mwana wa wina akalakwitsa umaseka, wako akalakwitsa umamva ngati walakwitsa ndiwe.

Mwezi wamawa akubwerera kusukulu. Tamupezera malo mu Sitandade 3 pasukulu yaboma imene ili ndi chipinda cha ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo ndakambirana kale ndi aphunzitsi ake za sipelo kuti asamamuimike kutsogolo kwa anzake. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadzalembera pakhonde panga, ndipo mpira sangasewere ndi ine. Mphindi 20 zija tipitiriza, kungoti zisamukira madzulo.

Kwa mayi munaitanitsa bokosi chifukwa cha mawu anga, simunataye ndalama, koma musayambe mmene ndinayambira ine. Werengani buku la kholo kuti mumvetse njira yake, kenako litsekeni, mutole zitsekerero, muyambe ndi Chichewa. Timabuku ta Chingerezi tisungeni mpaka mwana atayamba kuwerenga zikwangwani yekha. Achimwene atandifunsa lero choti andibweretsere, ndingati timabuku tokhato, gawo lotsatira, timalembo tapulasitiki asavutike nato.

Dzulo pobwera kumsika ndinapeza kapepala pansi pa phazi la makina osokera, kolembedwa ndi choko changa chodindira nsalu: "Amama ndapita kosewela mpila ndibwela." Palibe anamutuma. Mwa r atatu amene amafunikamo sanalembepo ndi mmodzi yemwe, ndiye phunziro la mawa m'mawa ladziwika kale.