Matumba a wulu wotsala ku Bradford: gulani, koma musatole mwachisawawa

Amayi anzanga oluka amene muli kuno ku Yorkshire, pali kasitolo ka wulu ku Bradford komwe amagulitsa timipukutu totsala m'matumba apulasitiki. Ndi wulu amene makasitomala amabweza akamaliza majuzi awo, ndi wina wotsala pa zinthu zimene mwini sitolo amaluka kuti aziike pawindo. Thumba limodzi ndinagula mapaundi 6, ndipo pa sikelo ya kukhitchini linalemera magalamu 300 ndi pang'ono. Masokosi a munthu wamkulu samaliza magalamu 100, ndiye pamtengo palibe chodandaula. Mpukutu umodzi watsopano wa wulu wabwino wa masokosi umadula kuposa thumba lonselo.

Koma matumbawo ndi amitundu iwiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Ena amakhala m'dengu pafupi ndi kauntala. Amenewa ndi a wulu wa masokosi wokhawokha: Regia ndi Opal za ku Germany, komanso Signature wa West Yorkshire Spinners, amene amapotedwa pompano ku Keighley. Onsewa ndi aja owonda amene amati 4 ply, ndipo pa magawo 100 alionse, 75 ndi ubweya wa nkhosa, 25 ndi nayiloni. Nayiloniyo ndi amene amathandiza kuti chidendene chisabooke msanga, chinthu chofunika kwa ife amene timaima tsiku lonse kuntchito yosamalira okalamba. Magalamu 100 amakhala ndi mamita pafupifupi 400. Popeza makulidwe ake ndi ofanana, mukhoza kusakaniza wa kampani iyi ndi wa kampani ina mu sokosi imodzi, wina osadziwa n'komwe. Matumba amenewa ndimawayamikira ndi mtima wonse.

Ena aja amaunjikidwa pakhomo, ndipo ndi amene amakopa maso chifukwa cha mitundu yowala. M'menemo muli chisakanizo: akiliriki (ulusi wopangidwa ndi pulasitiki), wulu wonenepa wa majuzi, ndi ubweya weniweni umene sufuna makina ochapira. Palibe kapepala ngakhale kamodzi kosonyeza kuti uyu ndi wanji. Ichi ndiye chimandinyansa pa sitoloyi. Ubweya wotere ukalowa m'makina pamadzi otentha umafota n'kulimba, pamene mnzake wa pambali pake ali chimodzimodzi, ndiye sokosi imatuluka yokwinyika, maluwa onse atapotoka. Ngati mwagula kale thumba lotere, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi pa sinki. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo umasiya phulusa lofumbutuka. Akiliriki amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Ameneyo sungirani zipewa za ana, kuphazi amatulutsa thukuta.

Ine ndimakonda kuluka maluwa a mitundu iwiri pamzere uliwonse, kalukidwe kotchuka ndi dzina la Fair Isle, kachilumba ka ku Shetland, ku Scotland. Wulu wotsala amayenerana nako kwambiri, chifukwa mtundu uliwonse umangofunika pang'ono. Chovuta n'chakuti ulusi umene sukuonekera umayenda kumbuyo, ndipo umachititsa kuti sokosi isatambasuke. Pa sokosi wamba ndimayamba ndi masitichi 64 pa singano za mamilimita 2.5, koma pa yamaluwa ndimaika 72, apo ayi siidutsa pachidendene ngakhale mukoke motani. Ulusi wakumbuyowo muziukola pakatha masitichi anayi kapena asanu, kuopa kuti zala zingamakodwemo povala. Ena amaluka sokosi atatembenuza kunja kukhala mkati, kuti ulusiwo uzizungulira njira yaitali n'kukhala womasuka, ndipo zimathandizadi. Chidendene ndi kuzala ndimaluka ndi mtundu umodzi basi, wolimba kwambiri m'thumbamo.

Chimene matumba a m'dengu alibe ndi mitundu yosasakaniza. Muli wambiri uja wosinthasintha mtundu yekha, wofiira kenako wachikasu kenako wobiriwira, ndipo awiri otere mukawaluka pamodzi maluwa amasowa. Muyenera kugulako mpukutu umodzi wathunthu wakuda, wa bluu wodera kapena woyera kuti ukhale maziko. Ndikuganiza kuti mwini sitolo amadziwa bwino zimenezi, chifukwa mipukutu yotereyi anaiika pamwamba penipeni pa dengulo! Musanalipire, jambulani mitundu yanu iwiriyo pafoni n'kusintha chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera. Ikaoneka yofanana pamenepo, dziwani kuti pasokosi siidzasiyananso.

Mayi wa sitoloyo ndi wodekha. Amakuyezerani kampukutu kalikonse pa sikelo yake n'kukugawirani pawiri, kuti sokosi yachiwiri isadzaperewere muli pakati. Anandiuzanso kuti agogo ake ankagwira ntchito m'mafakitale a nsalu za ubweya, zomwe si zachilendo mumzinda uno. Fakitale ya nsalu ya Salts Mill ku Saltaire, imene Titus Salt anatsegula mu 1853, ili pafupi pomwepa, ngakhale lero muli zithunzi ndi malo odyera m'malo mwa makina.

Konzekeraninso ntchito yobisa nsonga. Timipukutu tina timakhala ndi mfundo mkati, ndipo mfundo pansi pa phazi imapweteka, choncho muziidula n'kulumikiza bwino. Sokosi imodzi ya mitundu isanu ndi umodzi imatha kukusiyirani nsonga zoposa 20 zoti mulowetse ndi singano yamanja, madzulo athunthu amatha.

Matumbawa salola kubweza, ndipo amakhala omata ndi tepi. Pemphani kuti akutsegulireni musanagule, savuta. A m'dengu amatha msanga nyengo yozizira ikamayandikira, ndiye pitani cha mu September, musadikire December.