Jumanji ya 1995 kapena ya 2017: ana tiwaikire iti?

Anzanga amene tinkapanikizana nawo pabenchi m'vidiyo sho, pano nawonso ali ndi ana, ndipo holide ikayandikira funso lawo ndi limodzi: Jumanji yoti ana aonere ndi iti, yakale ija ya Robin Williams kapena yatsopano ya Dwayne Johnson? Ndineneretu kuti mtima wanga uli ku yakale, ndipo yatsopanoyo ndili nayo mangawa.

Pa kaonekedwe, ya 2017 yapambana. Anakaijambulira ku Hawaii, mapiri ndi nkhalango zake n'zenizeni, pomwe anyani a mu ya 1995 lero amachita kuonekeratu kuti ndi apakompyuta. Pa kuseketsa yapambananso: Kevin Hart akaphulika chifukwa chodya keke, nyumba yonse imafa ndi phwete. Inapanga ndalama zoposa madola 900 miliyoni a ku America, n'chifukwa chake mu 2019 anatulutsanso ina, The Next Level, momwe anawonjezeramo Danny DeVito ndi Danny Glover. Iyoyo nthabwala zake n'zomwezo, angosinthanitsa matupi a anthu.

Mangawa anga ndi awa. Mnyamata wina amene amatiikira mafilimu mu fulashi kumsika anandiuza motsimikiza kuti ndi ya ana. Dzina ndi lomwelo limene tinakula nalo, ndiye ndinalibe chokayikira. Madzulo tinakhala pabalaza, ana pamkeka, apongozi anga aakazi pampando. Nkhani yake ndi ya ana anayi a sekondale amene ali pachibalo, apeza gemu yakale ya pa TV, gemuyo iwameza, aliyense n'kupezeka m'thupi la munthu wina. Bethany, mtsikana wosasiyana ndi foni, apezeka m'thupi la bambo wonenepa wandevu, yemwe ndi Jack Black. Mpaka apo tinkaseka tonse. Kenako mtsikanayo afuna kutaya madzi, ndipo apempha anyamata aja kuti amuphunzitse mmene abambo amachitira. Filimuyo siidutsa msanga pamenepa ayi, imaima n'kumaseweretsa nkhani ya kumaliseche, ndipo kutsogolo amaibwerezanso. Palinso poti mmodzi waledzera, ndi poti mtsikana mnzake akuphunzitsidwa kukopa amuna.

Apongozi anadzuka mwakachetechete nati, "Ndikaone ngati nkhuku zalowa." Nkhuku zinali zitalowa kalekale. Wamng'ono wanga anatembenuka n'kufunsa, "Adadi, akuseka chiyani?" Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale, chifukwa kwathu kuno zinthu zotere sizitchulidwa pamaso pa apongozi, ngakhale wozitchulayo akhale TV.

Eni ake sanabise. Ku America filimuyi anaiika m'gulu la PG-13, kutanthauza kuti zina mwa zimene zilimo sizoyenera ana osakwana zaka 13, pomwe ya 1995 ili m'gulu la PG. Koma filimu ya mu fulashi ilibe chikuto choti uwerengepo chenjezo. Chimene kholo limakhulupirira ndi dzina, ndipo dzinalo analitenga ku filimu ya ana n'kuliika pa filimu ya achinyamata.

Komabe ngakhale mutadumphitsa malo amenewo, pali china chimene yatsopanoyo inataya, ndipo ichi ndiye chimandiwawa kwambiri. Mmenemo aliyense ali ndi miyoyo itatu, mizere itatu pamkono. Mvuu ikamumeza Jack Black, amagwanso kuchokera kumwamba ali bwinobwino, mzere umodzi wafufutika basi. Mwana woonera amadziwiratu kuti palibe choopsa mpaka mizereyo itatsala umodzi.

Mu ya 1995 mulibe zimenezo. Gemu yake ndi thabwa loponyerapo madayisi ngati ludo, ndipo limaitana ana ndi kulira kwa ng'oma. Mnyamata wina, Alan Parrish, aponya madayisi mu 1969, thabwalo limumeza, akhala m'nkhalango zaka 26. Potuluka ndi bambo wandevu wovala masamba, athamangira kufakitale ya nsapato ya bambo ake, apeza ndi bwinja. Amva kuti bambowo anatha chuma chawo pomufunafuna, kenako aima pamanda a makolo ake onse awiri. Mnzake Sarah, amene anaona zonse usiku uja, wakula akuuzidwa kuti mutu wake sukuyenda bwino. Ndiponso nkhalango ndi imene imabwera m'nyumba: mkango kuchipinda, anyani kukhitchini, zipembere, njovu ndi mbidzi kugumula khoma, ng'ona kusambira pabalaza mvula itadzaza nyumba. Peter, mwana wina amene akusewera nawo, atayesa kubera gemu, ayamba kumera ubweya ndi mchira. Chilichonse chimene mwana wachita mmenemo chili ndi malipiro ake.

Ndili mwana ndinkamuopa kwambiri mlenje uja, Van Pelt, amene amasakasaka Alan ndi mfuti. Nditakula m'pamene ndinadziwa kuti amene anasewera mlenjeyo, Jonathan Hyde, ndi yemweyonso anasewera bambo ake a Alan. Opanga filimuyo anachita dala. Usiku umene Alan anamezedwa anali atangokangana ndi bambo ake, amene ankafuna kumutumiza kusukulu yogonera komweko, ndipo analumbira kuti sadzawalankhulanso. Choncho chimene chimamuthamangitsa zaka zonsezo chili ndi nkhope ya bambo ake. Ambiri a ife tinaleredwa ndi abambo oti akatsokomola panja, m'nyumba monse zii. Gemu ikatha, Alan abwerera ku 1969 ali mwana, akumbatira bambo ake, n'kuulula kuti amene anawononga makina kufakitale ndi iye, osati Carl wantchito amene anachotsedwa chifukwa cha mlanduwo. Ndikaonera pamenepo tsopano, ndili ndi ana anga, misozi imalengeza. Robin Williams, amene anasewera Alan wamkuluyo ndipo anamwalira mu 2014, ankatha kukuseketsa uku m'maso mwake mukuoneka mwana wamantha, ndipo mu yatsopano mulibe amene amachita zimenezo. Van Pelt wa 2017 ndi chigawenga chabe chofuna mwala wamtengo wapatali.

Yakaleyo ili ndi vuto lake: imaopsa. Akangaude akuluakulu ndi maluwa ofuna kumeza mwana angathe kumulotetsa zoopsa wa zaka zisanu. Muikeni masana, inuyo muli pomwepo.

Ndiye anzanga, ngati ana anu ali kupulayimale, aikireni ya 1995. Ya 2017 isungireni a kusekondale, muyambe mwaionera nokha, ndipo musaiike tsiku limene kwabwera akuluakulu. Ngakhale a kusekondalewo ayambe ndi yakale, chifukwa mu yatsopano muli kanyumba ka m'nkhalango kolembedwa dzina la Alan Parrish, ndipo amene sanaone ya 1995 sadziwa kuti munthuyo ndi ndani. The Next Level musathere bandulo yanu pokhapokha anawo ataipempha okha.