Zomba, Blantyre kapena Mzuzu: mwana wa kukoleji akachita lendi kuti?

Nthawi yodzaza mafomu a NCHE, ofunsira malo m'mayunivesite a boma, ikafika, m'nyumba zambiri nkhani imakhala ya mapointi: uyu akufuna zamalamulo, uyu uinjiniya, uyu uphunzitsi. Koma achemwali anga atandiimbira za mwana wawo wamkazi, funso lawo linali lina. "Achimwene, kodi kumeneko azikagona kuti? Nanga usiku aziyenda bwanji?" Ndinawamvetsa. Malo ogona a pasukulu m'mayunivesite a boma sakwanira onse, ndipo ambiri amachita lendi kunja kwa mpanda. Mukasankha sukulu mwasankhanso alandilodi, aneba, ndi kanjira kamene mwanayo azidutsa cha m'ma 9 koloko usiku laputopu ili kumsana.

Ine ndinaphunzira ku Zomba, ndagwirapo ntchito ku Blantyre zaka zingapo, ndipo ku Mzuzu ndimapitako kukaona abale. Ndiyambe ndi kumene ndikukudziwa bwino.

Zomba ndi mzinda waung'ono. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 105,000, ndipo chichokereni likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, moyo wake umayenda pang'onopang'ono. UNIMA, yomwe ambirife timangoitchabe Chanco ngakhale makoleji anagawidwa mu 2021, ndiyo imadyetsa mabanja ambiri ozungulira. Pitani ku Chikanda mukaone. Nyumba zambiri zinamangidwa poganizira ophunzira, achiwaya ndi amaokala amadikira ophunzira, ndipo sukulu ikatsekera malonda amagwa. Zimenezi zimachititsa kuti wophunzira asakhale mlendo nthawi yaitali. Sabata ziwiri zokha, mayi wogulitsa tomato wadziwa kale dzina lako ndi kwanu. Ndalama zikatha pakati pa mwezi amakukongoza bonya ndi kuthirako anyezi wa basera, n'kunena kuti, "Tenga mwanawe, udzandipatsa akakutumizira." Ukadwala malungo n'kusatuluka masiku awiri, pamapezeka wogogoda pachitseko.

Komatu kudziwika kumeneku kuli ndi minga yake. Amene akudziwa dzina lako akudziwanso kuti m'chipinda mwako muli laputopu ndi foni, komanso nthawi imene umakhala m'kalasi. Ine zinandionekera chaka changa chachiwiri. Kunali kutentha kwa Okutobala, ndinagona zenera lili pululu chifukwa linali ndi zitsulo, ndinkadziona wotetezeka. Wina anabwera ndi nsungwi yaitali, waya wokhota kunsonga, n'kuwedza buluku langa lomwe linali pampando, foni ili m'thumba. Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa lamba pachitsulo. Chomwe sindiiwala n'chakuti nditangokuwa, zitseko zinayi zinatseguka nthawi imodzi, abambo ena atanyamula mpini, ana asukulu anzanga ndi matochi a m'mafoni. Foni sinapezeke, koma m'mawa mwake alandilodi anakhoma sefa pazenera osandilipiritsa, ndipo aneba anandibwereka kafoni ka mabatani mpaka kumapeto kwa temu.

Vuto lina la ku Zomba ndi mdima. Tinjira tachidule tochokera kulaibulale timadutsa m'mitengo ndi m'minda, ndipo chimanga chikakula cha mu Febuluwale munthu suona amene ali patsogolo pako. Amene akhala kutali ngati ku Matawale kapena ku Chinamwali amadalira kabaza ndi matakisi, zomwe zimachepa usiku ukakula. Nanga miseche? Imeneyo ndiye musanene. Mtsikana akabwera mochedwa kawiri, nkhani yafika kale pampopi.

Blantyre ndi dziko lina. Anthu oposa 800,000, aliyense ali pa liwiro lake. MUBAS, ija tinkati Poly, ili m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, pamtima penipeni pa mzinda. Chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi, Chichiri Mall ndi yoyenda wapansi, minibasi za ku Limbe ndi za m'tauni zimadutsa pakhomo. Ophunzira zaumoyo a KUHeS nawo ali chapomwepo. Kumbali ya kupeza thandizo mwachangu, kaya chipatala, kaya polisi, kaya kaganyu kopezera ya sopo, Blantyre palibe angaipose.

Koma mzindawu sudalira wophunzira. Ku Chitawira, ku Naperi, ku Nkolokosa, iwe ndiwe wa lendi ngati wina aliyense, ndipo ukulimbirana chipinda ndi anthu a pantchito olandira malipiro mwezi ndi mwezi. Nyumba za pafupi ndi sukulu zimadula, ndiye amene thumba lake ndi lopepuka amakankhidwira ku Zingwangwa, ku Ndirande kapena kumtunda kwa Soche. Apa ndi pamene nkhani ya chitetezo imasinthira. Masana ulendowo ndi wabwinobwino. Kalasi ikatha mochedwa, kapena mayeso akayandikira n'kufuna kuwerenga mpaka usiku, mwana ayenera kusankha pakati pa kulipira njinga yamoto ya munthu amene sakumudziwa ndi kuyenda wapansi foni atabisa m'sokosi. Zitseko za m'mipanda ya njerwa sizitseguka msanga munthu akakuwa panja. Sindikunena kuti anthu a ku Blantyre ndi ouma mtima, ayi. Kungoti mzinda waukulu umaphunzitsa munthu kuyamba wasuzumira pakatani. Ndinakhala pa mpanda wina chaka chathunthu, woyandikana naye chitseko ndikungomudziwa ndi dzina la mwana wake.

Tsiku la mpira, Bullets ikamakumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, dera lonse la Chichiri limadzaza. Kwa wokonda mpira ndi madalitso, koma tsiku limenelo chikwama chizikhala kutsogolo. Ndipo pali china chomwe kale sitinkachiwerengera: malo amene nyumbayo yamangidwa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Chipinda chotchipa m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje, musamangoyang'ana loko wa pachitseko.

Pa kukula kwake, Mzuzu ili pakatikati pa ziwirizi, ndi anthu oposa 220,000. Mzuni, yomwe inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, ili ku Luwinga m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Karonga, kapatali pang'ono ndi phokoso la kumsika ndi kudepoti. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chilinso mbali yomweyo. Kumeneko moni ndi nkhani yaikulu. Mwana wa ku Mulanje kapena ku Dedza akafika amatha kuopa kuti Chitumbuka chimusowetsa mtendere, koma Chichewa chimamveka bwinobwino mumzinda. Chomwe ndinaona n'chakuti amene waphunzira kunena "Monire" ndi "Yewo", n'kumayankha "Nili makora" akafunsidwa "Muli uli", amasanduka mwana wa pakhomo msanga. Amene amangodutsa ali chete, zomvera nyimbo zili m'khutu, amakhalabe mlendo mpaka chaka chachinayi.

Akuba othyola zipinda za ophunzira aliko, monga kulikonse, makamaka nthawi ya holide. Mvula ya ku Mzuzu ndi yambiri ndipo imachedwa kusiya, tinjira ta kumakomboni timaterera, kuzizira kwa Juni ndiye kumafuna bulangete lenileni. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwa ife a kumwera ndi mtunda. Mwana wophunzira ku Zomba akadwala, kholo la ku Blantyre lakwera minibasi, makilomita osakwana 70, lafika nsima ya masana isanaphikidwe. Wa ku Mzuzu, ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ngati mulibe wachibale kapena wa kumpingo woti angathamangireko, ganizirani kawiri.

Ndiye achemwali aja ndinawauza chiyani? Ndinati kwa mtsikana wa zaka 18 amene sanachokepo pakhomo, ine ndingatsamire ku Zomba, bola chipinda chikhale chapafupi ndipo alandilodi azikhala pamalo pomwepo. Mzuzu ikubwera kachiwiri. Blantyre ndingamusiyire mwana amene anakulira m'tauni, wodziwa kale kuti foni sayankhira pazenera la minibasi, kapena amene ali ndi azakhali ku Chitawira. Koma maphunziro amene mwana akufuna ndiwo amalamula, ndipo mwana wawoyo mtima wake unali pa uinjiniya. Dzina lake linatuluka ku MUBAS.

Tinapita kukasaka chipinda tonse atatu. Ndinakana kuchiona m'mawa wokha. Tinabwererako cha m'ma 7 koloko madzulo, n'kuyenda wapansi kuchokera pasiteji mpaka pachipata, ndikuwerenga mababu oyaka ndi malo amdima. Ndinafunsa mnyamata wa pachiwaya ngati m'deramo muli achitetezo oyendera usiku komanso kuti amatolera zingati pamwezi. Chipinda choyamba chinali chokongola, cha matailosi, koma wobwera kudzatitsegulira anali wantchito, eni ake amakhala ku Lilongwe. Chachiwiri chinali cha simenti wamba, bafa lapanja, mtengo wake wokwererapo pang'ono chifukwa chili pafupi ndi msewu. Tisanakhale n'komwe pansi, agogo a pakhomopo anali atafunsa kale mwanayo kwawo, mpingo wake, ndiponso ngati amadya therere. Achemwali anandiyang'ana, n'kuyamba kumasula mfundo ya pachitenje.